Nambala ya foni ya mlimi ili ndi mwini wake

Mu September 2023, ofesi yoteteza zinsinsi za anthu m'dziko la Kenya inalamula mabungwe atatu kuti alipire chindapusa. Mwa atatuwa panalibe amene anaba ndalama kapena kuthyola nyumba. Mlandu wawo unali wogwiritsa ntchito mayina, manambala a foni ndi zithunzi za anthu popanda chilolezo cha eni ake.

Kampani yobwereketsa ndalama kudzera pa foni ya Mulla Pride inalamulidwa kulipira mashilingi a ku Kenya 2,975,000 chifukwa inkaimbira foni ndi kutumiza mauthenga oopseza kwa anthu amene mayina ndi manambala awo inawapeza kuchokera kwa anthu ena. Malo achisangalalo a Casa Vera Lounge mumzinda wa Nairobi analamulidwa kulipira mashilingi 1,850,000 chifukwa choika chithunzi cha kasitomala pa masamba a mchezo a pa intaneti osamupempha. Chindapusa chachikulu kwambiri, mashilingi 4,550,000, chinagwera sukulu ya Roma School imene inafalitsa zithunzi za ana popanda chilolezo cha makolo awo.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhaniyi inachitikira ku Kenya, koma zinthu zimene zinapalamulitsa mabungwewa zimadutsa m'manja mwa alangizi, makomiti a m'midzi ndi ogwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma tsiku ndi tsiku. Pafupifupi pamsonkhano uliwonse wa kalabu ya alimi pamazungulira pepala loti anthu alembepo dzina, mudzi, nambala ya foni, ndipo nthawi zina nambala ya chiphaso cha unzika. Msonkhano ukatha, wina amajambula chithunzi cha gulu lonse. Ndi ochepa amene amafunsa kumene pepalalo ndi chithunzicho zikukagona.

Dzina la munthu lasanduka katundu

Facebook ndi WhatsApp salipiritsa munthu potsegula akaunti. Komabe eni ake, kampani ya Meta, anapeza ndalama pafupifupi madola 135 biliyoni a ku America m'chaka cha 2023, ndipo pafupifupi ndalama zonsezi zinachokera kwa otsatsa malonda. Chimene otsatsa malondawo amalipirira ndi mwayi wofikira munthu amene akumufuna: wa msinkhu wakuti, wokhala dera lakuti, wokonda zakuti. Mlimi akayamikira chithunzi cha nkhuku za mikolongwe pa Facebook lero, mawa n'kulowa gulu la alimi a soya, makinawo amasunga zonsezo n'kumuika m'gulu la anthu amene angagule chakudya cha nkhuku kapena mbewu.

Palinso njira ina. Kampani imene ili ndi mndandanda wa manambala a foni ikhoza kuupereka ku Facebook kuti makina afananitse manambalawo ndi maakaunti a anthu, kenako malonda ake azionekera kwa anthu omwewo. N'chifukwa chake pepala la mayina ndi manambala a alimi a m'kalabu ndi katundu wamtengo, ngakhale kuti eni mayinawo salandirapo ndi tambala yomwe.

Kuopsa kwa nkhaniyi kunaonekera poyera mu 2018, pamene zinaululika kuti kampani ya ku Britain ya Cambridge Analytica inapeza uthenga wokhudza anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook. Msampha wake unali pulogalamu ya mafunso okhudza khalidwe la munthu, imene inapangidwa ndi wofufuza Aleksandr Kogan. Anthu amene anayankha mafunsowo anali pafupifupi 270,000 okha, koma pulogalamuyo inakokanso uthenga wa anzawo onse a pa Facebook, amene sanafunsidwe chilichonse. Uthengawo unagwiritsidwa ntchito pa zokopa anthu pa ndale. Kampaniyo inatsekedwa chaka chomwecho, ndipo mu 2019 boma la America linalipiritsa Facebook chindapusa cha madola 5 biliyoni. Munthu mmodzi akavomera chinthu pa foni yake osachimvetsa, amene amapweteka ndi ambiri.

Ku South Africa, mu 2020, kampani ya Experian, imene imasunga mbiri ya ngongole za anthu, inapereka uthenga wokhudza anthu pafupifupi 24 miliyoni kwa munthu wachinyengo amene ananamizira kuti ndi kasitomala wawo. Apa sipanafunike katswiri wothyola makompyuta. Munthuyo anangopempha, ndipo anapatsidwa.

Malamulo alipo

Maiko a m'chigawo chino sanakhale chete. South Africa inakhazikitsa lamulo lodziwika kuti POPIA mu 2013, ndipo kuyambira pa 1 July 2021 aliyense akuyenera kulitsatira. Wophwanya lamuloli akhoza kulipira chindapusa chofika marandi 10 miliyoni. Mu 2023 ofesi yoyang'anira lamuloli inalamula unduna wa zachilungamo wa dzikolo kulipira marandi 5 miliyoni, kusonyeza kuti boma nalo silili pamwamba pa lamulo. Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa malamulo awo mu 2021. Ku Malawi, gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ufulu wa munthu wosunga chinsinsi, ndipo mu 2024 lamulo lapadera loteteza uthenga wokhudza anthu linayamba kugwira ntchito, bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Pangano la bungwe la African Union pa nkhaniyi, limene linavomerezedwa ku Malabo mu 2014, linayamba kugwira ntchito mu 2023.

Malamulowa amasiyana apa ndi apo, koma mutu wake ndi umodzi. Wotenga uthenga wa munthu anene chimene akuutengera, atenge wokhawo umene ukufunika pa ntchitoyo, ausunge mosamala, ndipo asaugwiritse ntchito ina imene mwini wake sanauzidwe. Mwini uthengawo ali ndi ufulu wofunsa zimene zasungidwa zokhudza iye, wopempha kuti zolakwika zikonzedwe, komanso wokana kutumiziridwa mauthenga a malonda. Vuto ndi lakuti lamulo lolembedwa m'Chingerezi ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare silifika lokha kwa mayi wa ku Mchinji kapena ku Katete. Limafika kudzera mwa anthu amene amakhala naye pansi.

Udindo wa otsatsa malonda

Kutsatsa malonda pa foni si tchimo. Mlimi amapindula akadziwa msanga kuti mbewu yafika kusitolo kapena kuti wogula nandolo ali pamsika wakuti. Cholakwika chimayamba pamene wamalonda wapeza nambala mwa njira yakuseri. Wogulitsa zipangizo zaulimi amene akupempha mlangizi kapena mlembi wa koparetivi kuti amupatse manambala a mamembala, kaya pomugulira mayunitsi kaya pomupatsa kangachepe, akugula chinthu chimene wogulitsayo si mwini wake. Lamulo la ku South Africa limanena momveka kuti kampani ingathe kufikira munthu amene si kasitomala wake kamodzi kokha, pomupempha chilolezo chomutumizira mauthenga a malonda, ndipo akakana nkhani yathera pomwepo.

Chilolezo chenicheni chimafuna kuti munthu amve zimene akuvomera. Masamba khumi a Chingerezi cha maloya, olembedwa ndi timalemba ting'onoting'ono, sangatchedwe kufotokozera munthu amene anasiyira sukulu Sitandade 5. Kampani imene yakwanitsa kumasulira malonda ake m'Chichewa, m'Chibemba kapena m'Chishona ingakwanitsenso kufotokoza m'zinenero zomwezo zimene ichite ndi nambala ya kasitomala, komanso njira yosiyira kulandira mauthengawo.

Ofunika kuwachenjerera kwambiri ndi akatapila a pa foni. Mapulogalamu ena obwereketsa ndalama amapempha kuti aone mayina ndi manambala onse amene ali mu foni ya wobwereka. Ngongole ikachedwa, apongozi, abusa ndi mabwana a kuntchito amayamba kulandira mauthenga omuchititsa manyazi. Khalidweli linafika poipa kwambiri moti mu May 2023 kampani ya Google inaletsa mapulogalamu a ngongole a mu Play Store kuona manambala ndi zithunzi za mu foni za anthu. Pulogalamu ya ngongole imene ikupemphabe zimenezi ndi yofunika kuithawa.

Udindo wa aliyense wogwira foni

Si makampani okha amene amaulula zinsinsi za anthu. Zambiri zimatuluka kudzera mwa abale ndi anansi a zolinga zabwino. Wina amajambula wodwala ali pabedi kuchipatala kuti apemphe thandizo. Wina amatola chiphaso cha unzika pamsewu n'kuchijambula chonse, manambala ali poyera, kuti mwini wake apezeke. Wina amafalitsa chithunzi cha ngozi achibale asanauzidwe za maliro. Pachikhalidwe, uthenga wa maliro uli ndi anthu ake oyenera kuupereka ndiponso njira yake, ndipo foni sinachotse mwambo umenewu.

Pagulu wamba la WhatsApp, membala aliyense amaona manambala a anzake. Kulowetsa munthu pagulu osamufunsa ndi kupereka nambala yake kwa anthu amene iye sawadziwa. Akathyali amene amaimba foni kunamizira kuti munthu wapambana mphotho, kapena kuti amutumizira ndalama molakwitsa, amamveka okhulupirika chifukwa amatchula dzina la munthuyo ndi dera lake. Zimenezi amakhala atazitola penapake. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money, Mpamba, MTN MoMo kapena EcoCash siyenera kuuzidwa munthu wina, ngakhale amene akuti akuimba kuchokera kukampani. Chimodzimodzinso manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp imatumiza potsimikiza akaunti: wowapereka wapereka akaunti yake yonse.

Udindo wa ogwira ntchito zachitukuko

Mabungwe othandiza anthu amasunga uthenga wosafunika kuseweretsa: mayina a omwe akumwa mankhwala otalikitsa moyo, amayi amene achitiridwa nkhanza, ana amasiye, mabanja olandira ndalama za Mtukula Pakhomo ndi tsiku lolandirira, ndiponso ndalama zimene membala aliyense wa banki m'khonde wasunga. Mndandanda wotere ukajambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pagulu la WhatsApp kuti lipoti lifike msanga kuofesi, umakhala m'mafoni ambiri amene amabwerekedwa, kukonzetsedwa kumsika, kubedwa kapena kugulitsidwa. Madzi akatayika sawoleka. Bungwe likhoza kupepesa, koma mayi amene mudzi wonse wadziwa za matenda ake ndiye amasenza mtolowo moyo wake wonse.

Pali chinanso chimene wogwira ntchito zachitukuko ayenera kuchikumbukira. Munthu amene ali pamzere wolandira chimanga sangakane mosavuta kujambulidwa ndi amene akugawa chimangacho. Amaopa kuti dzina lake lichotsedwa. Choncho ndi udindo wa wojambulayo kunena poyera, asanatulutse kamera, kumene chithunzicho chikaoneke ndiponso kuti wokana alandirabe thandizo lake. Kwa mwana, wopereka chilolezo ndi kholo kapena womulera. Kuvomera kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa mfumu sikulowa m'malo mwa kuvomera kwa kholo.

Zina mwa njira zodzitetezera sizifuna ndalama. Pepala la msonkhano lifunse zokhazo zimene zikufunika, ndipo ngati nambala ya chiphaso ilibe ntchito isalembedwe. Mapepala asungidwe m'kabati yokiyidwa, mafoni a ntchito akhale ndi nambala yotsekera, ndipo zithunzi za mindandanda zifufutidwe ntchito yake ikatha. Komiti iliyonse igwirizane za munthu mmodzi wosunga mndandanda wa mamembala, ndipo wakunja aliyense woufuna abwere pamsonkhano adzapemphe eni ake.

Alimi nawo ali ndi mphamvu kuposa mmene ambiri amaganizira. Asanalembe dzina papepala lililonse, ali ndi ufulu wofunsa kuti uthengawo akuufuna ndani, aufunira chiyani, ndipo ausunga mpaka liti. Safunsa anadya phula. Mlangizi wabwino sakhumudwa ndi mafunso otere, chifukwa amadziwa kuti chitukuko chimayenda ndi chikhulupiriro. Tsiku limene anthu adzaone kuti mayina awo akugulitsidwa, pepala lidzayamba kubwerera lopanda kanthu, ndipo katemera wa ziweto, ngongole ya mbewu ndi uphungu wa zanyengo zidzasowa owalembetsa.