Wobera zaka ndi kochi, wolangidwa ndi mwana

Mu Novembala 2020, mpikisano wa COSAFA wa anyamata osapitirira zaka 17 unachitikira ku Nelson Mandela Bay, m'dziko la South Africa. Matimu a Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe anawabweza kwawo, ndipo anatsala Angola, Malawi, South Africa ndi Zambia. Lamulo linali lakuti wosewera mmodzi yekha akalephera pa makina a MRI, timu yonse ichotsedwe.

Ife sitikuikira kumbuyo kubera zaka. Amene amaonera mpira wa masukulu ku Ntaja kapena ku Balaka akudziwa zomwe zimachitika "mwana wa Fomu 1" wometa ndevu akakumana ndi kamnyamata ka zaka 14: kamavulala, mwinanso kusiyiratu mpira. Chomwe tikukana n'chakuti chilango chizigwera munthu amene sanagwire cholembera.

MRI imaunika fupa la pamkono, ndipo FIFA inayamba kuigwiritsa ntchito pa mpikisano wa dziko lonse wa msinkhuwu mu 2009 ku Nigeria. Fupalo likaoneka kuti latha kukula, amati mwiniwake wapitirira zaka 17. Komatu matupi sakhwima pa tsiku limodzi, ndipo makina sanena tsiku lobadwa. Nanga mnyamata wa kwa Kawinga amene anabadwira kunyumba angawatsutse ndi chiyani? Kulembetsa ana obadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, iye atabadwa kale. Zaka zake zili m'buku la kusikelo, ngati chiswe sichinadye, kapena m'kaundula wa Sitandade 1, momwe aphunzitsi analemba zimene agogo anakumbukira tsiku limenelo.

Ndipo pomwe pali chinyengo chenicheni, fomu salemba ndi mwana. Amalemba ndi kochi, aphunzitsi a zamasewero kapena akuluakulu a timu, amene mawa lake amakhala ali pa ntchito ngati palibe chachitika. Mwanayo ndiye amatsala ndi dzina la wabodza, anzake osalakwa n'kukwera naye basi yobwerera.

Malamulo otere amasinthika. Ku America, bungwe la masewero a m'makoleji la NCAA linkaletsa kwa zaka zambiri anyamata amene anasewerapo hockey mu Canadian Hockey League, ponena kuti ligiyo ndi ya olipidwa, chonsecho ambiri amalowamo ali ndi zaka 16. Mu Novembala 2024 linachotsa chiletsocho, ndipo kuyambira Ogasiti 2025 anyamatawo akusewera m'makoleji.

Kuno kwathu tikupempha FAM ndi oyendetsa masewero a m'masukulu kuti aziletsa wamkulu amene wasayina fomu yabodza, kwa nthawi yoti amve kuwawa. Mnyamata wopezeka wamkulu azimupititsa kwa amsinkhu wake, osati kumuthamangitsa, ndipo timu izipitiriza ndi otsalawo. A NRB nawonso afike m'masukulu a ku Machinga ndi Balaka kukapereka zikalata zobadwira mipikisano isanayambe.