Mbiri ya America Iyambire pa Kachulu

Poyendera ophunzira athu amene akuyeserera uphunzitsi m'sukulu za kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, tidamva ana a Sitandade 8 akutchula pamtima chaka chimene nkhondo yapachiŵeniŵeni ya ku America idayamba: 1861. Titaŵafunsa kuti nkhondoyo ikuŵakhudza bwanji, onse adangoti zii. Mlandu si wa anawo. Ngwathu aphunzitsi, amene timaŵapatsa zaka ngati mikanda yopanda ulusi.

Chikhalirecho ulusiwo uli pakhomo. Mu April 1859 David Livingstone adafika pa nyanjayi. China chimene ankafunafuna m'dera la Shire chinali nthaka yolimapo thonje, pakuti mafakitale a ku Britain ankadalira thonje lolimidwa ndi akapolo kummwera kwa America. Iye ankakhulupirira kuti thonje lathu likapeza msika, ukapolo udzafooka kuno ndi kutsidya komwe.

Ku America ukapolo udathetsedwa mu 1865, koma kuno malonda a anthu adapitirirabe. Mfumu Kawinga, imene inkachita malondawo, idagonjetsedwa mu 1895 pa phiri la Chikala, phiri limene msodzi wa pa Kachulu amaliona tsiku ndi tsiku. Patangopita zaka ziŵiri John Chilembwe adanka ku America ndi Joseph Booth, nakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, pakati pa ana a akapolo omasulidwa. Adabwerako mu 1900, ndipo mu 1915 adaukira atsamunda.

Tsono inu aphunzitsi a maŵa, gaŵani bolodi paŵiri. Kumanzere lembani "Kwathu", kumanja "Kunja". Chaka chilichonse cha kunja chikhale ndi chinzake cha kwathu, ndipo ana afotokoze okha chimene chikuzilumikiza. Atumeninso kwa agogo awo akafunse zimene makolo adasimba za Chikala.

Ena adzati silabasi njaitali, ndipo mayeso amangofuna zaka ndi maina. Nzoona, nthaŵi imachepa. Koma chaka choloŵeza chabe chimaiŵalika mayeso asanafike, pamene chomangiriridwa pa phiri limene mwana akulidziŵa chimakhala naye moyo wonse. Paja akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana akaona kuti kwawo nako kuli m'mbiri ya dziko lapansi, sadzayesanso kuti mbiri nja azungu okha.