Maganizo a Mkonzi: Chitaganya Chidatha Patebulo

Ana asukulu ku Kasinje, m'boma la Ntcheu, akamaphunzira mbiri amamva kuti Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidatha mwamtendere pa 31 Disembala 1963. N'zoona, tsiku limenelo mfuti sidalire. Nthumwi zinali zitakumana kale ku Victoria Falls chaka chomwecho n'kukambirana zogawana katundu, ngongole ndi asilikali. Malawi adadzilamulira pa 6 Julaye 1964, Zambia pa 24 Okutobala.

Komatu anthu a ku Ntcheu asalole kuti nkhaniyi ifupikitsidwe choncho. Mu 1953 Inkosi Gomani II idakana Chitaganya, n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi a atsamunda. Boma lidaichotsa paufumu, apolisi adafika ku Lizulu, ndipo mfumuyo, ikudwala kale, idathawira ku Mozambique. Idabwezedwa, n'kumwalira mu 1954. Mu 1959, pa nkhani yomweyi ya Chitaganya, anthu ena ambiri adawomberedwa, makamaka ku Nkhata Bay.

Tiyerekeze ndi dziko la Czechoslovakia, lomwe lidagawika pawiri pa 1 Januwale 1993 popanda magazi. Kwathu kuno magazi adakhetsedwa kale tebulo lisanayalidwe, ndipo aphunzitsi a ku Kasinje aziyambira nkhaniyi pa Gomani.