Lamulo la ufiti likasintha, omangidwa adzakhala agogo

Mu Disembala 2021, komishoni yapadera younikanso lamulo la ufiti la 1911, yomwe ankaitsogolera jaji wopuma Robert Chinangwa, inanena kuti malamulo athu avomereze zoti ufiti ulipo ndipo wopezeka akutamba azilangidwa. Anthu ambiri anaomba m'manja. Kafukufuku wa Afrobarometer wa 2022 anapeza kuti mwa Amalawi anayi alionse, pafupifupi atatu amakhulupirira kwambiri kuti ufiti ulipo, ndipo ofuna kuti ukhale mlandu ndi ochuluka chimodzimodzi. Ndikudziwa tsono kuti zimene ndilembe pano sizikoma m'makutu mwa ambiri. Komabe ndikupempha aphungu athu kuti nkhaniyi ikadzafika ku Nyumba ya Malamulo adzaikane.

Zoti ufiti ulipo kapena kulibe sindilimbana nazo. Ndinakulira kumudzi, ndimapemphera, ndipo ndikudziwa mmene mtima umasakira chifukwa mwana akadwala m'mawa n'kutisiya madzulo. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wa chipembedzo ndi chikhulupiriro. Wofuna kusala kudya asale, wofuna kutsirika nyumba yake atsirike, boma lisamulowerere. Koma khoti lili ndi mafunso ake: munthuyu wachita chiyani, tsiku liti, malo ati, anamuona ndani? Gawo 42 limati woganiziridwa ndi wosalakwa kufikira boma litabweretsa umboni wokwanira, komanso asakakamizidwe kuvomera mlandu. Ufiti, malinga ndi okhulupirira eniake, umachitika usiku, mobisika, maso a munthu wamba osauona. Umboni wake udzachokera kuti?

Milandu imene inafikapo kale kukhoti ikutiuza. Umboni umachokera kwa ana, kwa asing'anga ndi aneneri, kapena m'kamwa mwa woimbidwa mlanduyo atatopa.

Pa zaka zimene ndinkathandiza anthu osauka pa milandu yawo, ndinaonerera mlandu wina m'khoti la majisitireti lakumudzi. Mboni yaikulu anali mnyamata wa sitandade 2, wamfupi moti mutu wokha ndi umene unkaoneka pamalo oimirira mboni. Anafotokoza kuti agogo ake ankamudzutsa usiku, n'kumukweza m'lichero kupita kumanda. Akaiwala, ankacheukira kwa amalume ake amene anakhala pabenchi yakutsogolo. Agogowo anakhala chopinda miyendo, opanda nsapato, opanda loya, khutu limodzi silinkamva. Atafunsidwa ngati ali ndi funso kwa mboni, sanadziwe kuti zimenezi zikutanthauza chiyani. Anangoti, "Bwana, mwanayu ndinamulera ndine. Ngati wanena choncho, ine ndikanenso chiyani?" Mawu amenewo analembedwa ngati kuvomera. Titatuluka panja, mayi wina woyandikana nawo anandinong'oneza kuti banjalo linali pa mkangano wa dimba kuyambira pamene mwamuna wa agogowo anamwalira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti lamulo la 1911 silinalembedwe kuti lizimanga anthu ngati amenewa. Limaletsa kumwetsa mwabvi, limaletsa kuitana osaka mfiti, ndipo woloza mnzake chala pagulu kuti ndi mfiti akhoza kukakhala kundende zaka zisanu. Koma lilinso ndi ndime yolanga munthu wodzitcha yekha mfiti, ndipo ndime imeneyi ndi imene amajisitireti ena anaisandutsa khomo lolowetsera okalamba m'ndende. Cha m'ma 2010 ndi 2011, George Thindwa ndi bungwe lake la Association for Secular Humanism anayendera ndende ndipo anapezamo anthu ambiri, makamaka amayi okalamba, akugwira ukaidi chifukwa cha milandu yotereyi. Munthu akhoza kusiyana ndi a Thindwa pa nkhani ya Mulungu, inenso ndimasiyana nawo, koma agogo amene anawapezawo anali m'ndende ndithu. Ngati izi zinkachitika lamulo likukana ufiti, likadzauvomereza kudzakhala bwanji?

Kuli dziko limene linayesa kale njira imeneyi. Ku Cameroon, gawo 251 la malamulo a milandu limalanga ufiti. M'zaka za m'ma 1980, makhoti a chigawo chakummawa kwa dzikolo anayamba kumanga anthu podalira umboni wa asing'anga. Sing'anga amene anapatsidwa ndalama ndi banja lodandaula kuti aombeze ndi yemweyo ankaimirira m'khoti ngati katswiri. Woimbidwa mlandu akamufunsa kuti waona bwanji, yankho lake ndi loti iye ali ndi maso amene ena alibe. Palibe loya, ngakhale wodziwa ntchito chotani, amene angapanikize mboni yotere ndi mafunso.

Ofuna kuti lamulo lisinthe ali ndi mfundo imodzi imene sindiipeputsa. Iwo amati anthu amapha oganiziridwa chifukwa akudziwa kuti boma siliwamvera, ndiye boma likatsegula khomo adzasiya miyala n'kupita kupolisi. Amakumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana m'mudzimo. Amakumbukira kanema wa ku Mzimba mu 2022, woonetsa amayi awiri okalamba akuzunzidwa kumanda ndi kukakamizidwa kukwirira okha dzenje, anthu ataima n'kumaonerera. Nanenso zimenezi zimandisowetsa tulo. Koma tiyeni titsatire gogo woganiziridwa ufiti akafika kukhoti. Majisitireti akatsata umboni, adzamumasula, pakuti palibe angasonyeze kuti munthu watuma mphenzi. Akabwerera kumudzi anthu adzati wadyetsa khoti mankhwala kapena apolisi alandira kangachepe, ndipo mkwiyo udzakula kuposa poyamba, popeza tsopano ngakhale boma lanena kuti mfiti zilipo ndipo n'zoyenera chilango. Majisitireti akaopa khamu limene ladzaza panja, adzamumanga popanda umboni. Konseko wovutika ndi yemweyo.

Ndipo timawadziwa amene amalozedwa chala. Sindinamvepo nduna, mwini sitolo zazikulu kapena bwana wa kampani akukokedwa pa fumbi pamaliro, ngakhale anthu amanong'ona zambiri za chuma chawo. Wokokedwa amakhala wamasiye amene ana ake ali ku Joni, nkhalamba imene mutu wayamba kusokonekera n'kumayenda usiku ikuyankhula yokha, mayi wosabereka, munthu wokhala pa munda umene ena akuusirira.

Zoipa zenizeni zimene anthu amaziopa zili kale ndi malamulo ake. Wothira mnzake chiphe m'chakudya amazengedwa mlandu. Woopseza kuti apha mnzake amazengedwa mlandu. Wofukula manda kapena wopezeka ndi ziwalo za munthu amazengedwa mlandu, ndipo zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2016 abale athu achialubino akuphedwa. Milandu yonseyi ili ndi chinthu chogwirika: mtembo umene dokotala angaupime, botolo, mafupa, mboni imene inamva ndi makutu ake.

N'zoona kuti lamulo la 1911 analemba ndi atsamunda ndipo m'malo ena likufunika kukonza. Ndime ya wodzitcha mfiti ilembedwenso kuti izigwira okhawo oopseza anzawo kapena owadyera ndalama, isamagwire nkhalamba imene yavomera itazingidwa ndi zibonga. Asing'anga ochiza ndi zitsamba asiyanitsidwe bwino ndi oloza anthu. Koma ndime yoletsa kutchula munthu mfiti isakhudzidwe, ndipo iyambe kugwira ntchito. Mfumu imene yasonkhetsa mudzi ndalama zoitanira wosaka mfiti ikayankhe kukhoti. Mneneri amene waima paguwa n'kuuza mayi wofedwa kuti mwana wake anadyedwa ndi apongozi ake akayankhenso, chifukwa ufulu wopembedza suloleza munthu kuika moyo wa mnzake pachiswe. Ndipo wapolisi akamva kuti pamaliro ena anthu ayamba kutchulana mayina, asadikire kuti nyumba iyake kaye.