Za M'banja: Mwana Akagwidwa ndi Apolisi

Mwezi uno tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaikamba monong'ona. Mwana wa zaka 15 akagwidwa ndi apolisi chifukwa cha kuba kapena ndeu, makolo ena amati, "Ameneyu watilaka, akamuongole a boma." Koma kodi mwana wotere amaongokera kuti, ndipo kuongokako kumakhalitsa?

Funso limeneli analifufuza kwa zaka zambiri ku Missouri, m'dziko la America. Charles Borduin ndi anzake anatenga achinyamata 176 amene anali atamangidwapo kale kangapo, nawagaŵa paŵiri. A gulu loyamba analangizidwa aliyense payekha. A gulu lachiŵiri anathandizidwa mwa njira yotchedwa Multisystemic Therapy, imene imalangiza banja lonse. M'njira imeneyi mlangizi amafika pakhomo penipeni kwa miyezi itatu kufikira isanu. Amathandiza makolo kumvana pa malamulo a panyumba, kudziŵa kumene mwana waswera ndi anzake amene amayenda nawo, ndiponso kuonana ndi aphunzitsi ake.

Ofufuzawo sanawataye anawo. M'chaka cha 2005 anaulutsa zimene anapeza patapita zaka pafupifupi 14: mwa olangizidwa paokha, 81 pa 100 alionse anali atamangidwanso, pamene mwa olangizidwa pamodzi ndi banja anali 50. M'chaka cha 2011, patapita zaka pafupifupi 22, anawo ali akuluakulu a zaka ngati 37, omangidwa pa milandu yaikulu anali 55 ku gulu loyamba ndi 35 ku lachiŵiri. Ndipo m'chaka cha 2014 kunapezeka kuti ngakhale abale awo a m'nyumba imodzi, kumene banja lonse linalangizidwa, sanamangidwe kaŵirikaŵiri monga a gulu linalo. Kukonza pakhomo kunapindulira ndi ana ena omwe.

Komabe tinene zoona zonse. Njira yomweyi inayesedwanso ku England pa mabanja 684 a ana ovuta khalidwe, ndipo m'chaka cha 2018 kunaoneka kuti sinapose thandizo limene mabanja otere amalandira kale kumeneko. Ngakhale ku Missouri komweko, theka la anawo linamangidwanso. Choncho tisayese kuti alipo mankhwala ochiza mwana aliyense. Chimene taphunzira ndi chakuti makolo akatengako mbali, ntchito ya miyezi yoŵerengeka ingathe kubala zipatso kwa zaka makumi aŵiri.

Kwathu kuno lamulo losamala ndi kuteteza ana la 2010 limalola kuti mwana wolakwa mlandu waung'ono athandizidwe popanda kuzengedwa mlandu ku bwalo. Ndipo ngakhale amene watumizidwa ku Chilwa kapena ku Mpemba adzabwera tsiku lina. Adzapeza chiyani pakhomo? Akapeza mkangano womwewo, moŵa womwewo ndi anzake omwewo, tisadabwe akabwerera kumene anachokera.

Inu makolo, musamtaye mwana chifukwa cha manyazi. Pitani naye kumene waitanidwa. Itanani atsibweni ndi aphunzitsi ake, mugwirizane chimodzi, ndipo chimene mwagwirizanacho muchisunge maŵa ndi mkuja. Ife oyandikana nawo tileke miseche, tiwayendere, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo inu achinyamata, amai akafunsa kuti mwaswera kuti, musayese chidani ai. Ayankheni zoona.