Kugwa kwa boma si kugwa kwa dziko: phunziro la ku Sweden



Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndiyankhe anzanga amene ndinatsutsana nawo tsiku lina titaweruka ku tchalitchi. Nkhani inali ya maboma a mgwirizano wa zipani. Mkulu wina amene ndimamulemekeza kwambiri anati boma lotere ndi ukwati wa galu ndi mphaka. Chitsanzo chake chinali dziko la Sweden, kumene mu 2021 mayi wina anasankhidwa kukhala nduna yaikulu m'mawa, pofika madzulo n'kutula pansi udindo. Onse anaseka chikhakhali. Ine sindinaseke, ndipo ndikufuna awerengi amve chifukwa chake.

Tiyambe ndi malamulo awo. Nyumba ya Malamulo ya ku Sweden, yotchedwa Riksdag, ili ndi aphungu 349. Mipando imagawidwa molingana ndi mavoti amene chipani chilichonse chapeza, ndipo kuti chipani chilowe m'nyumbayi chimayenera kupeza mavoti 4 pa 100 aliwonse. Chiyambire chisankho cha 1970 palibe chipani chimene chinapezapo pachokha aphungu oposa theka. Choncho aliyense wofuna kulamulira amayenera kugogoda pa khomo la mnzake, afune asafune. Paja mutu umodzi susenza denga.

Dzikoli lili ndi mfumu, Carl XVI Gustaf, koma kuyambira 1975 mfumu sisankha nduna yaikulu. Ntchito yotchula dzina ndi ya sipikala, atakambirana ndi atsogoleri a zipani zonse. Chodabwitsa n'chakuti wotchulidwayo safunika kuvomerezedwa ndi aphungu ambiri ayi. Chofunika n'chakuti omukana asafike 175. Sipikala akatchula kanayi, nyumba n'kukana kanayi konseko, dziko limabwereranso kukavota.

Tsono za mayi uja. Dzina lawo ndi Magdalena Andersson a chipani cha Social Democrats. Pa 24 Novembala 2021 anakhala mayi woyamba kusankhidwa pa udindowu. Aphungu 117 anawavomera, 174 anawakana, ndipo popeza okana anaperewera ndi mmodzi, mayiwa anadutsa. Masana a tsiku lomwelo nyumba inakana bajeti ya boma n'kuvomereza ya zipani zotsutsa. Chipani cha Green, chimene chinali m'boma limodzi nawo, chinati sichingagwire ntchito ndi bajeti imeneyo, ndipo chinatuluka. Mayi Andersson anaona kuti nyumba inawavomereza ngati mtsogoleri wa boma la zipani ziwiri, ndipo boma limenelo kunalibenso. Anapita kwa sipikala kukatula pansi udindo. Pa 29 Novembala nyumba inawasankhanso, ulendo uno kuti atsogolere boma la chipani chawo chokha.

Ndikufunseni abusa, ansembe ndi akulu ampingo amene mumawerenga tsamba lino: kodi chochititsa manyazi pamenepa n'chiyani? Munthu wapatsidwa mpando pa mfundo zakutizakuti, mfundozo zasintha, iye n'kubweza mpandowo kwa eni ake kuti aganizenso. Kumeneko ndiko kukhulupirika kumene mumatilalikira Lamulungu lililonse. Masiku asanu amenewo ana a ku Sweden anapita ku sukulu monga mwa nthawi zonse, zipatala zinatsegula, ndipo nduna zakale zinapitiriza kuyang'anira ntchito za boma podikira atsopano.

Izi sizinayambe mu 2021. Chipani cha Social Democrats chinalamulira pafupifupi mosadukiza kuyambira 1932 mpaka 1976, ndipo mmodzi wa atsogoleri ake, Tage Erlander, anakhala nduna yaikulu zaka 23. Mu 1976 zipani zitatu, Centre, Moderate ndi Liberal, zinagwirizana n'kupanga boma lotsogozedwa ndi Thorbjörn Fälldin, mlimi woweta nkhosa wa kumpoto kwa dzikolo. Bambo Fälldin anali atalonjeza ovota kuti adzalimbana ndi malo opangira magetsi a nyukiliya, pamene anzawo awiri aja ankawafuna malowo. Poyamba mlimiyu anagonjako pang'ono, koma mu Okutobala 1978 zinthu zinafika pamwana wakana phala, ndipo boma linagwa. Atapambananso chisankho cha 1979 ndi mpando umodzi wokha, 175 kwa 174, zipani zitatuzo zinabwererana, ndipo nkhani ya nyukiliya inapita kwa anthu pa riferendamu ya 1980. Mu 1981 a Moderate anatulukanso chifukwa cha mkangano wa misonkho. Taonani zimene ankakanganirana anthuwa: magetsi ndi misonkho. Ngakhale Stefan Löfven, amene pa 21 Juni 2021 anakhala nduna yaikulu yoyamba kugonja pa voti yosonyeza kuti nyumba yataya naye chikhulupiriro, anagwa chifukwa cha mkangano wa lendi ya nyumba zomangidwa kumene. Ndi nkhani zokhudza thumba la munthu wamba, zoti wovota akhoza kuzimvetsa n'kuweruza yekha.

Sindikunena kuti zonse kumeneko ndi uchi wokhawokha. Walira mvula walira matope. Boma la Fälldin litagwa mu 1978, dziko linalamulidwa kwa chaka chimodzi ndi Ola Ullsten, amene chipani chake chinali ndi aphungu 39 okha mwa 349. Chitachitika chisankho cha Seputembala 2018, panapita miyezi yoposa inayi zipani zikukokanakokana, mpaka mu Januwale 2019 pamene Bambo Löfven anapanga boma atagwirizana ndi anzawo pa mfundo 73 zolembedwa. Ndipo chimene chimandivuta kwambiri ndi ichi: mu 2022 Ulf Kristersson anasankhidwa ndi mavoti 176 kwa 173, mothandizidwa ndi chipani cha Sweden Democrats, chimene chinali chachiwiri pa kukula koma sichinapatsidwe unduna ngakhale umodzi. Chipanichi chinasaina nawo pangano lotchedwa Tidö, n'kukhala ndi mawu amphamvu pa zochita za boma. Kwa ine, woyendetsa ngolo ayenera kukhala poonekera, kuti ngolo ikagwera m'dzenje tidziwe womufunsa. Pamenepa ndikuvomereza kuti mkulu uja ali ndi mfundo.

Komabe ngakhale mapangano ovutawa analembedwa ndi kuulutsidwa, ndipo aliyense wofuna anawerenga. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ndinakhala mphunzitsi wamkulu kwa zaka zambiri, ndipo ndinagwira ntchito ndi makomiti a sukulu osiyanasiyana. M'komiti mumakhala amfumu, a mpingo uwu ndi a mpingo uwo, ndi makolo amene sapatsana moni panjira. Ndinaona kuti komiti imene inkalemba m'buku zimene yagwirizana, monga mudzi uti uumba njerwa zingati ndipo ndani asunga ndalama, inkamanga midadada ngakhale anthu ake ankakangana msonkhano uliwonse. Komiti imene inkangoti ndife amodzi, tidzaona konko, ndi imene inkasiya njerwa zikusungunuka ndi mvula. Ndipo wapampando amene anthu asiya kumukhulupirira, akatula pansi udindo mwaulemu, sukulu inkapitirira bwinobwino. Wokakamira mpando ndiye ankaipha.

Choncho anzanga a ku tchalitchi kuja, musayese boma la mgwirizano pongowerenga masiku amene lakhala. Funsani mafunso atatu. Kodi agwirizana pa mfundo ziti, ndipo zinalembedwa poyera? Kodi mmodzi akatuluka, lamulo likuti chiyani? Nanga mtsogoleri mfundo zake zikakanidwa, ali ndi mtima wobweza mpando? Ku Sweden mafunso amenewa ali ndi mayankho odziwika, n'chifukwa chake kuyambira 1976 maboma akhala akusintha, ena osamaliza nthawi yawo, koma Riksdag ikukumanabe ndipo wogonja amatuluka pakhomo lomwe analowera.

Mayi uja amene munamuseka anagonja pa chisankho cha Seputembala 2022, ngakhale chipani chake chinapeza aphungu ochuluka kuposa china chilichonse. Mbali yake yonse pamodzi inaperewera ndi mipando itatu poyerekeza ndi mbali inayo. Mavoti atatsala pang'ono kutha kuwerengedwa anavomereza kugonja, n'kupitanso kwa sipikala kachiwiri. Ine munthu wotere ndimamuvulira chipewa.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dedza.