Kasitika kobiriwira kaja kasakudyereni ndalama



Sabata yatha mnzanga wina amene timaphunzitsa limodzi anandiimbira foni ali m'shopu ina ku Limbe. Anali atatenga ngongole yodula kumalipiro kuti agule laputopu, ndipo pamaso pake panali ziwiri. Ina inali ndi kasitika kobiriwira kolembedwa NVIDIA GeForce MX, inayo inalibe. Wogulitsa anali atamuuza kuti yakasitikayo "ili ndi graphics", nchifukwa chake mtengo wake unali wokwerako. Funso lake linali lakuti, "Achimwene, ndiwonjezere ndalama?" Ndinamuuza kuti ayi. Lero ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, popeza ambiri a inu mumandifunsa zomwezi.

Laputopu iliyonse ili ndi graphics, apo ayi pa sikirini sipakanaoneka kanthu. Kusiyana kwake nkwakuti m'malaputopu ambiri gawo limeneli limakhala mkati mwa purosesa ndipo limabwereka RAM ya kompyuta yonse. Lili ngati mwana amene wakwatira koma akuphikabe pa mafuwa a amayi ake. Kachipu kapadera, monga ka MX, kali ndi khitchini yakeyake: memory yakeyake, kawirikawiri 2GB. Koma MX ndi mtundu wotsikitsitsa wa machipu apaderawa. Khitchini ilipo, koma ndi yaing'ono.

Sindikunena kuti kachipuka kanali kopanda ntchito. Pamene MX150 inatuluka mu 2017, inkaposa kutali graphics za Intel za nthawi imeneyo. Mwana wofuna kusewera magemu kapena kujambula mapulani a nyumba ankaona kusiyana. Inenso ndinagula yotere mu 2019, ndipo ndinkainyadira mu staff room. Koma ndinkaigwiritsa ntchito yanji? Kulemba ma scheme of work, kutaipa mayeso a mock, kuwerengetsa malikisi mu Excel, ndi kuonetsa ana a Fomu 4 kavidiyo ka mmene mapiri amaphulikira. Pa ntchito zonsezi kachipu kaja kankangogona, chifukwa laputopu imakadzutsa pokhapokha ntchito ikalemera. Tsiku limene kompyuta yanga inathamangadi ndi limene ndinachotsa hard disk yakale nkuikamo SSD.

Kuchokera nthawi imeneyo zinthu zinasintha. Mu 2020 Intel inatulutsa Iris Xe m'mapurosesa ake a m'badwo wa 11, ndipo yamphamvu mwa izo inkapikisana ndi MX350. Mu 2022 AMD inabweretsa Radeon 680M, kenako 780M mu 2023, zimene zimaposa ma MX ambiri ngakhale zili mkati mwa purosesa momwemo. Mwana uja akuphikabe kwa amayi ake, koma tsopano mafuwa anakula. MX550 ndi MX570 zinalengezedwa mu Disembala 2021, ndipo malaputopu atsopano a masiku ano sakubweranso kawirikawiri ndi dzina la MX. Mukaliona, dziwani kuti mwina katunduyo wakhalitsa.

Palinso misampha ina. MX150 inalipo ya mitundu iwiri, ya mawati 25 ndi ya mawati 10, koma kasitika kake nkamodzimodzi, chonsecho yachiwiriyo ndi yofooka. MX110 ndi MX130 ndi machipu a kapangidwe kakale amene anangopatsidwa mayina atsopano. Ndipo inu amene mumakonza mavidiyo a ukwati, dziwani kuti MX150 ndi MX250 zilibe gawo lapadera lofulumizitsa kutulutsa vidiyo, pamene graphics za Intel zili nalo. Komanso kachipu kapadera kakadzuka kamadya batire, kamatenthetsa makina, fani nkumalira. Kwa ife amene timalemba mayeso usiku magetsi atazima, ola limodzi la batire ndi chuma.

Wina anena kuti, "Sir, nanga ife a engineering?" Nzoona. Ngati uli ku MUBAS ndipo ukufuna AutoCAD kapena SketchUp, ndiye wapeza laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ya purosesa ya m'badwo wa 8 kapena 10, imene ili ndi MX250 pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi inzake, itenge. Pamenepo kachipuka kakuthandiza, ndipo mapulogalamu ena amayenda bwino ndi machipu a Nvidia. Koma ngati ntchito yako ndi yolemera zedi, MX siikufikitsa patali. Sunga ndalama, udzagule ya RTX. MX ili pakatikati: mphunzitsi saifuna, katswiri siimukwanira.

Ndiye ndalama yowonjezerayo ipite kuti? Choyamba, SSD. Chachiwiri, RAM yosachepera 8GB, koma 16GB ndiye bwino, ndipo ikhale timitengo tiwiri, chifukwa graphics za mkati mwa purosesa zimathamanga bwino zikatero. Chachitatu, batire lamoyo; muliyese muli m'shopu momwemo, chaja itazulidwa. Chachinayi, m'badwo wa purosesa. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Laputopu ya m'badwo wa 7 yokhala ndi kasitika kobiriwira ndi nkhalamba yovala suti yatsopano.

Mnzanga uja anagula yopanda kasitika, ya Core i5 ya m'badwo wa 11, ndipo ndalama yotsalayo anawonjezera RAM. Ngongole akubwezabe mwezi ndi mwezi, koma akubwezera chinthu chimene akuchigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Malipiro athu mukuwadziwa. Musanapereke ndalama, tembenuzani laputopuyo, lembani nambala ya modelo yake, muifufuze pa intaneti. Zikakuvutani, mundipeze pa nthawi ya buleki. Tiyi mugula ndinu.